Nthenga Yakhumi ya Dona

Nkhunda za Vitalis Daka zinachoka pakhomo pake patangopita masiku atatu chiikireni mkazi wake m'manda. Sizinauluke ayi. Zinapita m'dengu la tomato, kumbuyo kwa galimoto ya mlamu wake, pakati pa makina osokera ndi sutikesi ya zitenje.

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa. Abale a malemu Consolata anakhala pamphasa kugawana zovala ndi ziwiya zake monga zimakhalira, ndipo Vitalis anangoonerera pamene mapoto ankatuluka m'nyumba. Koma Gideon, mlongo wake wa Consolata, mwini loji ina ku Nyimba, munthu amene mimba yake inkalowa pakhomo mwiniwake akadali panja, anaimirira n'kuloza khola ndi kiyi wa galimoto.

"Nanga zija, alamu? Anali kuzidyetsa ndani?"

"Tinali kudyetsa tonse."

"Awe. Ine nikabwela kuno ninali kupeza mlongo wanga na kabeseni m'manja, imwe muli pampando kuwelenga nyuzi. Za mlongo wanga zipita kwao."

Amalume ake a malemu anayang'ana pansi. Gideon ndiye anagula bokosi, ndiyenso anabweretsa ng'ombe ya pamaliro. Ndani akanamutsutsa m'kamwa mukadali mafuta a nyama yake? Gideon anatsegula kadirowa ka makina osokera, natulutsa sizasi ya Consolata, ija yachogwirira chakuda, n'kuyamba kudula. Nkhunda iliyonse phiko lakumanja, nthenga khumi zazikulu, khwapu! Khumi ndi ziwiri zonse. Yomaliza mwa izo inali Dona.

Dona inali yaikazi, yabuluu, yokhala ndi mizere iwiri yakuda pamapiko. Makolo ake anaisiya ili ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo Consolata anailera yekha, kutafuna khobwe wonyika n'kumaipatsira pakamwa ngati mwana. Dzinalo analipereka ndi iye, chifukwa inkayenda monyada, khosi m'mwamba, ndipo sinkamwa madzi amene nkhunda ina yaponda. Pa mpikisano wouluka kuchokera ku Katete inafika yoyamba, Consolata n'kululuta mpaka oyandikana nawo anaganiza kuti kwabadwa mdzukulu.

Galimoto itapita, Vitalis anagwada pafumbi n'kutola nthenga khumi za Dona. Anaziika m'chitini cha tiyi.

"Pitani ku khoti, bambo Daka," anatero amai Jessy, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana naye, amene anaonera zonse ali kuseri kwa mpanda.

"Khoti lisoka nthenga, amai?"

"Manje muzachita chani?"

"Ndidikila mvula."

Vitalis anakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi ku Joni, akuwotcherera zitsulo. Za nkhunda za mpikisano anaziphunzira kwa nkhalamba ina ya Chipwitikizi imene ankaisesera khola Loweruka lililonse. Atabwerera ku Petauke anapeza mtengo wa mango wa amayi ake unadulidwa, pamalopo pali kanyumba ka malata kotumizira ndalama pafoni. Dambo limene ankasamba ali mwana linali mapuloti. Ana a anzake ankamutchula kuti "aja a ku Sauzi," ngati mchombo wake sunakwiriridwe pamtunda womwewo. M'tauni yonseyo, zokhazo zimene zinavomera popanda kufunsa kuti pakhomo pa Vitalis ndi pamudzi zinali nkhunda zoswedwa m'khola lake. Mbalame zimenezo ukazitulutsa kulikonse zimabwerera pamene zinaonera dzuwa koyamba, ngakhale patapita zaka.

Izi Gideon sankazidziwa. Iye ankadziwa nkhunda za kumudzi, zija ukagula kwa mnzako umazidula phiko, ndipo nthenga zikamamera zimakhala zitazolowera kale mphale zako. Bambo ake ankachita choncho ku Nyampande, agogo akenso choncho, ndipo palibe inathawapo.

Nthenga yodulidwa simera. Chitsa chake chimakhala m'phikomo mpaka nyengo yothothoka, pamene thupi lenilenilo limachikankha kuti chigwe. Zimagwa imodzi imodzi, kuyambira yamkati kupita kunsonga, ina kudikira kuti inzake ikule. Yakhumi, ya kunsonga kwenikweni, imabwera pomaliza, mvula ikamatsazika.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, Vitalis anakwera minibasi ya ku Nyimba atanyamula thumba la mpendadzuwa, mtedza wosenda ndi mapira. Anavala jekete lake la ku Joni. Panjira yonse ankayeserera nkhope ya munthu wogonja.

Anazipeza kuseri kwa khitchini ya loji, m'kakhola ka waya kopanda denga labwino, utsi ukuzilowa m'maso. Zinkadya mpunga wotsala m'mbale za alendo. Nthenga zinali zitauma ngati udzu wa m'chilimwe, nsabwe zikuyenda poyera. Dona inali pakona, khosi litalowa m'mapewa. Itamuona inapendeketsa mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, kwa nthawi yaitali.

"Alamu!" Gideon anatuluka akupukuta manja. "Mwabwela kuona ana? Kapena mwabwela kuba?"

"Ndabwela kuthandiza. Zayamba kuthothoka. Zikapitiliza kudya izi zifa, ndipo anthu adzati a Gideon alephela kusunga za mlongo wao."

"Kufa? Izi zinenepa!"

"Kwezani iyo mumve fupa la pachifuwa."

Gideon anakweza, namva, nkhope n'kusintha. Kenako anaseka. "Chabwino. Nchito yapezeka. Nizakupatsani ya basi."

Kuyambira pamenepo Vitalis ankabwera milungu iwiri iliyonse, ndipo chilichonse chimene anauza Gideon chinali choona. Khola lichoke pautsi, likhale pouma, poyang'ana kum'mawa, denga lisadonthe. Mpunga wophika ayi. Mapira, khobwe, mpendadzuwa pang'ono ndi mtedza wophwanya, chifukwa nthenga yatsopano imafuna mafuta. Njerwa yopsa isinjidwe pamodzi ndi zikamba za mazira. Masamba a repu kamodzi pa mlungu. Beseni la madzi osamba Lachitatu ndi Loweruka, mothira kamchere kodzaza dzanja. Alendo oledzera asamazigwire, pakuti nthenga yomera imakhala ndi magazi mkati ndipo ikapindika yapindika chaka chonse.

"Ndiponso zazimuna kwaokha, zazikazi kwaokha," anatero. "Pakati pakhale chitseko."

"Bwanji? Ine nifuna ana."

"Nkhunda singamele nthenga uku ikufungatila mazila. Thupi ndi limodzi. Mukafuna zonse ziwili mutaya zonse ziwili."

Zimenezonso zinali zoona. Chimene sananene n'chakuti chisa ndicho chingwe chokhacho chimene chikanatha kumangirira mbalame zoterezi pamalo achilendo. Nkhunda yokhala ndi ana ku Nyimba ikanaganiza kawiri. Vitalis anaonetsetsa kuti ku Nyimba kusakhale dzira ngakhale limodzi. Awiri amene anaikiridwa mwangozi anawaponya m'dzenje la zinyalala.

Ankasesa yekha. Mu Febuluwale khola linkadzaza ndi tinthenga ting'onoting'ono ngati mwaphulika pilo, mbalame zili ndi makosi amadontho, zonyansa, zokwiya. Pamwamba pa madzi osamba pankayandama fumbi loyera, ndipo Vitalis ankaliona n'kugwedeza mutu, chifukwa fumbi limenelo limatanthauza thanzi. Akamaliza ankagwira Dona, miyendo pakati pa zala, n'kutambasula phiko lakumanja padzuwa. Zatsopano zisanu, zitsa zisanu. Kenako zisanu ndi imodzi. Kenako zisanu ndi ziwiri, zosalala ngati nsalu yosagulitsidwa.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Malichi anapezeka yekha kuseriko. Ophika anali atapita kumsika. Dona inali m'manja mwake, yofunda, mtima ukugunda pachikhatho. Anaiika mkati mwa jekete n'kutseka zipi. Inakhala phee. Geti linali pafupi, msewu waukulu uli pomwepo, minibasi ikuitanira a ku Petauke. Akanangoyenda. Madzulo Dona ikanagona pathabwa lake.

Podutsa pawindo la bala anamva mawu a Gideon.

"Uja? Zaka sate ku Joni! Anabwela na chani? Na jekete! Manje apyanga matuvi a nkhunda kuseli kwanga. Mlongo wanga anataya moyo wake pa munthu uja, nikuuzani. Mukafuna kumuona bwelani pa Sabata, ni mahala, kulibe kulipila."

Anthu anaseka, wina mpaka kumenya tebulo.

Vitalis anaima pomwepo mpaka kuseka kunatha. Kenako anatembenuka, nabwerera kukhola, natsegula zipi n'kubwezera Dona pathabwa. Kuba usana ngati wakuba nkhuku, kuti mawa Gideon akauze bala lonse? Ayi. Zinachoka pakhomo pake anthu akuona. Zidzachokanso pano anthu akuona, ndipo ochuluka kuposa apamaliro.

Tsikulo analisankha ndi Gideon yemwe. Mwana wake Yvonne ankakwatiwa Loweruka lotsatira Pasaka, ndi mnyamata wa banja lolemera la ku Lusaka, ndipo Gideon anaona pafoni azungu akuulutsa nkhunda paukwati.

"Tizachita so, alamu. Akwati akatuluka, dengu litseguka, mbalame m'mwamba. Zizungulila katatu, ine niliza chitini cha chimanga, zitela padenga la loji. A ku Lusaka aone kuti na ise kuno tili na zinthu." Anaima pang'ono, n'kumuyang'ana m'maso. "Mapiko amela. Zaiwala kwanu, si conco? Za atate zinali kuiwala pa milungu itatu. Izi nazidyetsa miyezi khumi."

Pa miyezi isanu yonse Vitalis anali asananame ngakhale kamodzi. Bodzalo linatuluka mosavuta ngati malovu.

"Zaiwala kalekale."

Mlungu wa ukwatiwo anapaka laimu khola lake la ku Petauke, nakhoma mathabwa amene anali atagwedera, nasesa akangaude. Anapempha amai Jessy kuti Loweruka m'mawa atsegule kachitseko kapamwamba, aike madzi ndi mapira.

"Mwagula zina?"

"Ayi, amai. Tsegulani chabe."

Amai Jessy anamuyang'ana, nayang'ana khola, n'kugwira pakamwa. "Imwe bambo Daka! Mulungu akuoneni."

"Waona kale zambili."

Loweruka anafika ku Nyimba dzuwa litangokwera. Loji inali itakutidwa ndi nsalu zoyera ndi zofiirira, tenti yaikulu pabwalo, magalimoto a ku Lusaka atafola. Anapita kuseri kukaika mbalame m'dengu latsopano lomangidwa maliboni. Ankatambasula phiko la iliyonse asanaiike. Khumi, khumi, khumi. Khumi ndi imodzi zinali zitatsiriza, mapiko athunthu, zolimba m'manja ngati zipatso zosapsa.

Dona inali itatsalira. Nthenga yakhumi inali itangofika theka, tsinde lake lakuda ndi magazi, likadali m'kachikopa kake. Inkafuna milungu iwiri.

Anakumbukira nkhalamba ya ku Joni ija ikumumenya padzanja ndi chipewa tsiku limene anafuna kuika yotere m'dengu. Mbalame ya nthenga yamagazi kunsonga siyenda ulendo. Kukupiza kulikonse kumaipweteka, imatsalira m'mbuyo yokha, ndipo kabawi amadziwa kusankha yotsalira. Kuchoka ku Nyimba kufika ku Petauke si kudumpha mpanda. Pali mapiri, pali mphepo ya kum'mawa yoomba kumaso.

Akanaisiya m'khola, madzulo omwewo Gideon akanaidulanso, mwina khosi. Akanaibisa m'jekete, Gideon anali atawerenga kale khumi ndi ziwiri pamaso pa apongozi ake, ndipo akanawerenganso. Tsiku loitengera kwawo popanda vuto linali lija la mu Malichi, ndipo analibweza ndi manja ake.

"Pepa, Dona," anatero. Anaiika m'dengu.

Akwati anatuluka m'tenti cha m'ma leveni, oimba akuomba, amayi akululuta. Gideon anatenga maikolofoni atavala suti yonyezimira. Analankhula za mlongo wake Consolata, mmene ankakondera mbalamezi, mmene iye anazipulumutsira kwa anthu osadziwa kusamala. Anati nkhunda idziwa dzanja loidyetsa. Mafoni onse anali m'mwamba. Yvonne anakoka liboni.

Zinatuluka ndi mkokomo ngati nsalu yaikulu ikung'ambika. Anthu anakuwa. Zinakwera pamwamba pa tenti, pamwamba pa mabulugamu, n'kuzungulira kamodzi, mapiko akuwala. Gideon anakweza chitini cha chimanga n'kuyamba kuchigwedeza, akuimba mluzu. Zinazungulira kachiwiri, patali pang'ono. Kachitatu sizinamalize. Zinangowongoka ngati zakokedwa ndi chingwe, kulunjika kum'mawa, motsata msewu waukulu.

Chitini chinapitiriza kulira. Khocho, khocho, khocho. Oimba anali atasiya.

"Zizabwela," Gideon anatero pamaikolofoni. "Zionako chabe malo."

Panadutsa mphindi. Munthu wina anatsokomola. Ndipo gogo wina wa ku Nyampande, wogontha pang'ono, amene ankayesa kuti akunong'ona, anafunsa mnzake mokweza: "Si za aja amuna a Consolata izi, zimene anatenga pamalilo? Zapita kwao!"

Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa oyendetsa magalimoto, n'kubwera kutsogolo mzere ndi mzere mpaka kwa apongozi a ku Lusaka, amene anabisa nkhope m'mapulogalamu. Mafoni anachoka kumwamba n'kuloza Gideon, ataima ndi chitini chake, thukuta likutsika m'kolala. Vitalis anayang'ana zonsezi bwinobwino, pang'onopang'ono, ngati munthu womwa madzi atayenda tsiku lonse. Zinali zokoma. Sanadzinamize kuti sizinali zokoma.

Koma anali ataonanso china. Gululo likulowa kuseri kwa phiri, kadontho kamodzi kanali m'mbuyo, pansi kuposa enawo.

Pageti anakumana ndi Yvonne, atanyamula diresi kuti lisakhudze fumbi.

"Ankolo, munadziwa?"

"Ndinadziwa, mwana wanga."

"Pa ukwati wanga?"

Vitalis anafuna kunena kuti tsikulo anasankha ndi atate ake. Anaona kuti maso ake ndi a Consolata, ndipo anangovula chipewa n'kudutsa.

Minibasi inatenga nthawi kudzaza, n'kumaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Foni inalira m'thumba kasanu asanafike pamphambano ya ku Petauke. Sanaiyankhe. Amai Jessy anamuchingamira panjira, chitenje chili m'manja.

"Zakupitililani kudala, zafika kale! Ninali kuchapa, namva chabe waaa padenga. Zalowa monga zinachoka mailo chabe, dzulo lomweli!"

"Zingati?"

"Sininawelenge, bambo."

Anawerenga yekha. Iliyonse inali pathabwa lake lakale, yamphongo yakuda ikuthamangitsa kale inzake pakona pamene ankalimbirana chaka chatha. Khumi ndi imodzi. Anawerenganso. Thabwa lapamwamba kumanzere linali lopanda kanthu.

Anatulutsa mpando n'kukhala moyang'ana kumadzulo. Amai Jessy anabweretsa tiyi, tiyi n'kuzizira. Mwana wawo wa ku Chipata anali atawatumizira kale kanema wa Gideon ndi chitini, ndipo anafuna kumuonetsa. Vitalis anakana ndi dzanja. Khwangwala aliyense wodutsa ankamuimiritsa. Dzuwa linalowa kumwamba kuli mbee.

Dona inafika Lamlungu m'mawa, belu la tchalitchi likulira kachiwiri. Sinatere pathabwa lolowera monga inkachitira. Inagwera pansi pafupi ndi mgolo wa madzi, n'kuyenda mapazi ochepa, phiko lakumanja likukwekwereza m'fumbi. Khosi lokha linali m'mwamba.

Vitalis anagwada n'kuinyamula. Inali yopepuka ngati chisa chopanda kanthu. Nthenga yakhumi inali itathyoka pakati, magazi ataumira mpaka pa yachisanu ndi chitatu, ndipo pamsana panali mizere itatu ya zikhadabo. Mfundo ya kunsonga kwa phiko inali yotupa, yotentha. Anaigwira ndi chala, nadziwa kuti ku Katete siidzachokeranso, ngakhale ku Sinda kwapafupi.

Anaimwetsa madzi a shuga ndi kamchere, dontho dontho. Anatsuka mabala. Anatenga pulayala yaing'ono, nagwira chitsa chothyokacho pafupi ndi khungu, n'kuzula kamodzi. Dona inanjenjemera koma sinalire. Anapanikiza pabalapo ndi kansalu mpaka magazi analeka, natafuna khobwe wonyika n'kuipatsira pakamwa. Chitsacho anachiika m'chitini cha tiyi, pamodzi ndi khumi zakale zija.

Foni inaliranso. Tsopano anaiyankha.

"Iwe Vitalis!" Ulemu wa ulamu unali utatha. "Wanichititsa manyazi pamaso pa apongozi! Nyimba yonse iniitana Bambo Chitini! Nibwela lelo kutenga nkhunda zanga!"

Vitalis analowetsa foni m'khola n'kuigwira pamenepo, kuti Gideon amve bwino zamphongo zikulira m'mathabwa awo. Kenako anaibweza kukhutu.

"Bwelani, alamu. Dengu la tomato lija likadalipo? Mudule monga kale. Mvula idzagwa, nthenga zidzamela, ine ndidzabwela kusesa. Nthawi ndili nayo. Mwatsala na ana aakazi angati osakwatiwa?"

Kenako Vitalis anawonjezera:

"Mukapanda kubwela, tumizani sizasi ya Consolata pa minibasi. Ndili na nsalu yofuna kudula, yomangila phiko."

Anadula foni. Anakweza Dona n'kuiika pathabwa lake lapamwamba kumanzere, popeza yokha sikanafikapo. Inadzigwedeza, niyang'ana beseni limene zinzake zinali zitapondamo, n'kutembenuza mutu. Vitalis anataya madziwo n'kupita kukatunga ena.